Chimfine chikalowa m'lokeshoni

Chiperoni ikayamba kuwomba, phiri la Ndirande limabisala m'nkhungu mpaka dzuwa litakwera, ndipo minibasi zochokera ku Bangwe, Machinjiri ndi Chilomoni zimalowa m'tauni mawindo onse ali chitsekere. Anthu athinana, anayi pampando wa atatu. Wina wayetsemula kumbuyo, wina akutsokomola pafupi ndi dalaivala, kondakitala wangomina kumene koma dzanja lomwelo akulandirira ndalama ndi kubwezera chenji. Ukayerekeza kukankha windo, mnzako wapambali akuyang'ana ndi diso loipa, ati ukufuna kumudwalitsa ndi mphepo.

Sabata isanathe, nkhani imakhala imodzi pamsika, pampopi, m'kalasi ndi kutchalitchi: kwagwa chimfine. Ena amati cha chaka chino ndi chaukali, chikugoneka ndi akuluakulu omwe. Ena amanong'onezana kuti kapena Covid-19 yabwerera. Koma ambiri amangoti, "Ndi chimfine chabe, chitha chokha," nagula Panado pagolosale n'kupitiriza ntchito.

Kwa munthu wathanzi, mawuwa kawirikawiri amakhala oona. Koma m'nyumba zathu simukhala athanzi okhaokha. Muli khanda la miyezi itatu, muli mayi woyembekezera, muli agogo a shuga, muli bambo amene ali pa ma ARV. Chomwe chinangopatsa wina mamina, kwa amenewa chingathe kukhala ulendo wa ku Gulupu, kuchipatala cha Queen Elizabeth, ndipo ena ulendowo amauyamba mochedwa.

Zimfine sizifanana

Chimfine wamba chimayamba pang'onopang'ono. Pakhosi pamakereketa, mphuno zimatseka, munthu amayetsemula, koma amadzuka n'kupita kogulitsa malonda ake. Fuluwenza ndi wina. Amagwira mwadzidzidzi: m'mawa munthu anali bwinobwino, pofika madzulo thupi latentha, mutu ukuwawa, m'mfundo monse mwaphwanya, akunjenjemera, chifuwa chouma chayamba. Ambiri amachira pakatha sabata, ngakhale chifuwacho chimatha kukakamira masabata awiri kapena kuposa.

Matenda onsewa amayamba ndi mavairasi, osati mphepo kapena kunyowa ndi mvula. Kuzizira kumangotikankhira m'nyumba ndi kutitseketsa mawindo, kachilombo n'kupeza njira yachidule. Kamayenda m'timadontho ndi mpweya wotuluka munthu akamatsokomola, kuyetsemula kapena kulankhula, komanso m'manja omwe agwira mamina. Munthu amayamba kudwala patatha tsiku limodzi mpaka masiku anayi kachilomboko katalowa, ndipo angathe kupatsira anzake kutatsala tsiku kuti iye mwini amve kudwala. Ana aang'ono amafalitsa masiku ochuluka kuposa akuluakulu, n'chifukwa chake chimfine chikalowa kusukulu ya mkaka sichichedwa kufika kwa agogo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pakati pa 3 miliyoni ndi 5 miliyoni amadwala fuluwenza mwakayakaya, ndipo pakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalira chifukwa cha mavuto a kupuma omwe matendawa amabweretsa. Ambiri mwa ana aang'ono amene amafa motere ndi a m'mayiko osauka.

Umboni wochokera ku Gulupu

Nkhaniyi siyongomva za kunja. Kuyambira mu 2011, akatswiri a bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, lomwe lili pachipatala cha Queen Elizabeth, anayamba kuyeza ana ndi akuluakulu obwera ndi matenda aakulu a m'chifuwa kuti adziwe tizilombo tomwe tikuwadwalitsa. Ambiri mwa odwalawo anali ochokera m'malokeshoni omwewa, poti Blantyre, mzinda wa anthu pafupifupi 800,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ulibe chipatala chakechake cha pa boma. Wodwala akalephereka kuchipatala cha ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni kapena South Lunzu, kotsala ndi ku Gulupu.

Zinthu ziwiri zomwe anapeza ndi zofunika kuti aliyense azidziwe. Choyamba, fuluwenza kuno sadikira Juni ndi Julayi okha. Amapezekanso kwambiri m'nyengo yotentha ya mvula, nthawi yomwe aliyense wotentha thupi amaganiza za malungo. Chachiwiri chikukhudza anthu omwe ali ndi HIV. Kafukufuku yemwe anachitika pakati pa 2013 ndi 2015, motsogozedwa ndi Dr Antonia Ho, anaonetsa kuti akuluakulu omwe ali ndi HIV amadwala fuluwenza pafupifupi katatu kuposa anzawo, ndipo chiopsezo choti matendawo akule mpaka kugonekedwa m'chipatala ndi chachikulu pafupifupi kasanu.

M'mzinda momwe pafupifupi banja lililonse lili ndi wachibale amene amakatenga mankhwala otalikitsa moyo, zotsatirazi si za m'mabuku chabe. Zikutiuza munthu woyamba kumuteteza chimfine chikalowa pakhomo.

Malangizo oyenerana ndi nyumba zathu

Uphungu womwe timamva pawailesi umati wodwala agone m'chipinda chayekha ndipo asapite kuntchito. Ndi uphungu wabwino, koma taganizirani za banja la anthu asanu ndi mmodzi m'nyumba ya lendi ya chipinda ndi pabalaza ku Chinseu kapena ku Ntopwa. Chipinda chayekhacho achipeza kuti? Mayi wogulitsa tomato akapanda kupita kumsika, ana adya chiyani madzulo? Wakabaza akagona masiku atatu, mwini njinga amumvera? Malangizo osayang'ana moyo weniweni wa anthu amathera m'makutu.

Zilipo zotheka ngakhale m'nyumba yothinana. Wodwala asagone mphasa imodzi ndi khanda, mayi wapakati kapena agogo. Ngati chipinda n'chimodzi, agone chakutali, mutu kulozetsa kwina. Masana chitseko ndi windo zikhale zotsegula kuti mpweya uzidutsa, ndipo zofunda ziyanikidwe padzuwa. Wodwala akhale ndi kapu yakeyake. Potsokomola atseke pakamwa ndi mkati mwa chigongono osati ndi chikhato, chifukwa chikhatocho ndi chomwe apatse nacho moni ndi kunyemera nacho nsima. Posamba m'manja tisanadye, madzi achite kuthirirana, ndi sopo, osati onse kuviika m'beseni limodzi. Amene sangachitire mwina koma kukwera minibasi ali ndi chifuwa avale masiki. Tinaphunzira kale kusoka athu ansalu nthawi ya Covid-19. Ndipo windo limodzi lotsegula pang'ono m'minibasi limateteza anthu ambiri kuposa momwe limawazizitsira.

Palinso mbaula. Usiku wa chiperoni ambiri amailowetsa m'nyumba n'kutseka paliponse. Utsi wa makala umapweteka mapapo a mwana ndi kuwafooketsa pamaso pa chibayo, komanso makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, womwe umatenga anthu ali m'tulo. Mbaula izituluka panja anthu asanagone.

Nthawi yosiya zonse n'kuthamanga

Madzi otentha a mandimu, jinja ndi uchi amafewetsa pakhosi, ndipo kumwa madzi ambiri ndi kupuma kumathandiza thupi kulimbana ndi matenda. Kufukiza ndi masamba a bulugama kumatsegulako mphuno, ngakhale sikupha kachilombo, ndipo mphika wa madzi owira pafupi ndi mwana wapsereza ambiri. Uchi asapatsidwe mwana wosakwana chaka. Asipilini asapatsidwe ana ndi achinyamata omwe ali ndi fuluwenza, chifukwa angathe kuwononga chiwindi ndi ubongo.

Cholakwika chofala kwambiri ndi makapisozi. Munthu akangomva chifuwa amagula amoxicillin kapena Bactrim wa masiku awiri kwa ogulitsa mankhwala m'misika. Mankhwala amenewa amapha mabakiteriya, sagwira vairasi. Kuwamwa mwachisawawa kumangozoloweretsa tizilombo, ndipo madokotala a ku Gulupu akhala akuchenjeza kwa zaka zambiri za matenda a m'magazi omwe sakumvanso mankhwala wamba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chimodzimodzi LA, mankhwala a malungo: thupi likatentha, kayezetseni malungo kaye, chifukwa fuluwenza ndi malungo zimayamba mofanana.

Chomwe chimapha kawirikawiri ndi chibayo chobwera pambuyo pa chimfine, ndipo chili ndi zizindikiro zomwe mayi aliyense angazione. Namwino akalandira mwana wa chifuwa, amamuvula malaya, amadikira kuti atonthole, kenako amayang'ana pamimba ndi pachifuwa n'kuwerenga kapumidwe kwa mphindi imodzi yathunthu. Khanda losakwana miyezi iwiri likapuma ka 60 kapena kuposa, ndiye kuti likupuma mothamanga. Kuyambira miyezi iwiri mpaka 11 malire ndi ka 50, ndipo kuyambira chaka chimodzi mpaka zisanu ndi ka 40. Amayang'ananso m'munsi mwa nthiti: ngati pakulowa mkati mwana akamakoka mpweya, ndiye kuti mapapo akuvutika. Kuwerenga kumeneku kungachitike kunyumba ndi wotchi ya pafoni.

Mwana akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akalefuka osadzutsika, kapena milomo ikada, musadikire kuti kuche. Khanda losakwana miyezi iwiri likangotentha thupi, lipite kuchipatala tsiku lomwelo. Wamkulu akamabanika, akamamva kupweteka pachifuwa, akasokonezeka mutu, kapena akayamba kupeza bwino kenako n'kutenthanso thupi mwamphamvu, naye athamangire kuchipatala. Chifuwa chopitirira masabata awiri chikufunika kuyezetsa makhololo, poti chifuwa chachikulu chimabisala m'dzina la chimfine.

Tinaziona kale

Dziko lino likuudziwa ukali wa matenda a m'mpweya. Chakumapeto kwa 1918, pomwe nkhondo yoyamba ya dziko lonse inkatha ndipo asilikali ndi amtengatenga ankabwerera kwawo, mliri wa fuluwenza unafika ku Nyasaland n'kulowa m'midzi motsata njira za apaulendo. Padziko lonse unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni, ndipo ku South Africa, komwe Amalawi ambiri ankagwira ntchito, unapha anthu mazana a masauzande m'masabata ochepa. Mu 2009 kunabuka fuluwenza watsopano wa H1N1, ndipo mu 2010 Malawi inalandira katemera wake kudzera ku WHO n'kubaya magulu omwe anali pachiopsezo, kuphatikizapo ogwira ntchito zachipatala ndi amayi oyembekezera.

Za Covid-19 n'zadzulodzuloli. Odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo 2020. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo m'zipatala anthu ankalimbirana mpweya wa okosijeni. Katemera anafika mu Marichi chaka chomwecho, koma mphekesera za pa WhatsApp zinali zitafika kale. Mu Meyi boma linawotcha katemera woposa 19,000 yemwe anatha mphamvu asanabayidwe. Mantha omwe anabzalidwa nthawi imeneyo sanatheretu, ndipo amadzuka nthawi iliyonse jakisoni akatchulidwa.

Nanga katemera?

Katemera wa fuluwenza alipo, ndipo wakhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa 70. Amabayidwa chaka ndi chaka chifukwa kachilomboko kamasinthasintha. WHO imaunika mitundu yomwe ikuzungulira n'kulangiza opanga katemera kawiri pachaka: mu Febuluwale za mayiko a kumpoto kwa dziko, mu Seputembala za akummwera. Chitetezo chimakhwima patatha pafupifupi masabata awiri. Wobaya pamkono alibe kachilombo kamoyo, choncho sangadwalitse fuluwenza, ngakhale mkono umatha kuwawa tsiku limodzi kapena awiri. Sateteza aliyense kotheratu, komanso saletsa chimfine wamba, koma amachepetsa kudwala kwakayakaya. Kafukufuku wa ku Soweto yemwe anatuluka mu 2014 anaonetsa kuti kubaya amayi oyembekezera kumateteza amayiwo, omwe ali ndi HIV ndi omwe alibe, ndipo makanda a amayi opanda HIV anatetezekanso m'miyezi yoyamba, pomwe amakhala asanafike pobayidwa okha.

Ku South Africa, zipatala za boma zimabaya katemerayu kwaulere kwa anthu omwe ali pachiopsezo nyengo yawo yozizira isanayambe. Kuno sali pamndandanda wa akatemera omwe amaperekedwa kusikelo. Amene ali ndi ndalama angathe kufunsa m'zipatala zolipira. Mayi woyembekezera wa ku Bangwe alibe mwayi umenewo.

Ena amati ngakhale atabwera, anthu a m'malokeshoni angamukane. Mbiri ikutsutsa. Mu 2018 makolo a ku Ndirande ndi Zingwangwa analola ana awo oposa 28,000, a miyezi 9 mpaka zaka 12, kulowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi. Katemerayo anateteza pafupifupi ana asanu ndi atatu mwa khumi alionse, ndipo mu Meyi 2023 boma linamufikitsa m'dziko lonse. Zinatheka chifukwa ofufuza anayamba akhala pansi ndi mafumu, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi makolo, n'kuyankha mafunso awo. Anthu akafotokozeredwa mwaulemu ndi anthu omwe amawadziwa, amamva.

Pakadali pano chida chomwe chili kale m'manja mwathu ndi katemera wa chibayo, yemwe Malawi inayamba kupereka mu Novembala 2011. Amateteza ku bakiteriya yemwe kawirikawiri amalowerera mapapo akafooka ndi fuluwenza. Ndi waulere. Kholo lililonse litsegule buku la kusikelo la mwana wake lione ngati anamaliza, ndipo likakayika lifunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake. Amene ali pa ma ARV asadumphitse mankhwala, chifukwa chitetezo cha m'thupi chikakwera, chiopsezo chimatsika.

Kwa Unduna wa Zaumoyo ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, funso ndi lolunjika. Umboni wa omwe fuluwenza amawapweteka kwambiri unasonkhanitsidwa kuno ku Blantyre, kwa odwala athu omwe. Magulu ofunika kuyambira akudziwika: amayi oyembekezera, anthu omwe ali ndi HIV, okalamba, odwala shuga, mphumu ndi mtima, komanso anamwino ndi madokotala. Ambiri mwa iwowa amafika kale kuchipatala pa masiku oikika, kusikelo ya amayi kapena kokatenga mankhwala, kotero sipofunika kuwasaka. Ndalama ndi zochepa, matenda ndi ambiri, zimenezo palibe akutsutsa. Koma unduna uuze anthu poyera ngati katemera wa fuluwenza ali m'mapulani ake, adzayambira kwa yani, ndipo liti. Mabanja a ku Ndirande ndi Zingwangwa anachita mbali yawo pomwe dziko linafuna umboni wa katemera wa taifodi, akuyenera kuyankhidwa.