Mtima wa Wothamanga pa Mpikisano wa Comrades

Mpikisano wa Comrades, womwe unayamba mu 1921 ku South Africa, umachitika pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, mtunda wa makilomita pafupifupi 90. Othamanga amapatsidwa maola 12. Nthawiyo ikakwana mfuti imalira, ndipo ngakhale yemwe wangotsala pang'onong'ono kufika pamzere amabwerera kwawo wopanda mendulo.

Paulendo wotere mtima sukhala m'malo amodzi. M'mamawa aliyense amakhala wosangalala, ndipo ngozi imayambira pomwepo, chifukwa ambiri amanyamuka ndi liwiro loposa msinkhu wawo. Akadutsa Drummond, pakati pa ulendowo, shuga amakhala atachepa m'magazi, miyendo ikuphwanya, m'mimba mukukana chakudya. Munthu wofatsa amayamba kupsa mtima ndi tinthu tachabechabe, wina misozi imangotsika osadziwa chomwe akulirira. Abambo ndi amayi omwe anauzolowera mpikisanowu sathamangira kusiya. Amayamba adya mbatatesi yowiritsa yothira mchere, kumwa kanthu kotsekemera, n'kupitiriza pang'onopang'ono. Kawirikawiri mtima umabwerera m'chimake.

Pulofesa Tim Noakes wa ku University of Cape Town anafotokoza kuti ubongo umachepetsa dala mphamvu zopita kuminofu pofuna kuteteza thupi. Pamenepa ndiye kuti kutopa ndi chenjezo, osati umboni woti mphamvu zatheratu. Akatswiri ena amatsutsa mfundoyi, komabe imathandiza kumvetsa chifukwa chake munthu yemwe amadzikoka amayambanso kuthamanga akamva phokoso la anthu kumapeto.

Njira yomwe ambiri amadalira ndi kuudula ulendowo m'maganizo. Saganiza za makilomita 40 otsala, amangoganiza zokafika patebulo la madzi lotsatira, ndipo zikavuta, pamtengo wa magetsi womwe akuuona patsogolo. Ena amakonzeratu kuti chitunda cha Polly Shortts adzachikwera choyenda. Kuyenda komwe munthu anakukonzera sikumugwetsa ulesi ngati kuyenda kokakamizidwa ndi kutopa. Akatswiri olimbirana mendulo ya golide amamvetsera kwambiri kapumidwe ndi mapazi awo, pomwe ena amathawitsa maganizo poyimba kapena kucheza, ngakhale kuti apa munthu amatha kuiwala kumwa madzi.

Palinso magulu otchedwa mabasi. Kutsogolo kumakhala wothamanga wodziwa njira atanyamula kambendera kosonyeza nthawi yomwe gululo lidzafike, ndipo ndiye amalamula pothamanga ndi poyenda. Wolowa m'basi amatula ntchito yowerengera nthawi kwa dalaivalayo, iye n'kumangotsatira mapazi a mnzake wapatsogolo.