Agogo akafuna kutsalira kwa akazi awo kutsidya kwa malire

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma nanga mlendoyo akakhala mwamuna wa panyumba, wa imvi mbuu, achoke apite kuti?

Funsoli ndi lodziwika m'midzi ya ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba m'chigawo cha Niassa. Pa nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, anthu oposa 1 miliyoni adathawira ku Malawi, ndipo ena adakwatiwa ku Mangochi ndi Machinga. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, amayi ambiri adabwerera kwawo. Potsata mwambo wa chikamwini, amuna ena adalondola akazi awo pomwepo, pamene ena akupita tsopano atakalamba, kuti akasamalidwe.

Kumudzi agogo otere ndi mkamwini wolemekezeka, koma pamaso pa lamulo ndi mlendo basi. Mmalawi wolowa ndi pasipoti pa chipata cha Mandimba, moyang'anizana ndi Chiponde, safunika viza, komabe amaloledwa kukhala masiku 30 okha. Akapitirira, chindapusa chimawerengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo angathe kubwezedwa kwawo, gogo mnzake n'kutsala yekha pakhomo.

Wofuna kukhazikika ayenera kupempha chilolezo ku SENAMI, nthambi ya boma yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, yomwe likulu lake la chigawo lili ku Lichinga. Akavomerezedwa amalandira chiphaso chotchedwa DIRE. Lamulo lomwe likugwira ntchito ndi la nambala 23/2022, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1993.

Ambiri amapunthwa pa umboni wa ukwati. Dziko la Mozambique limavomereza ukwati wa ku boma, wa chipembedzo ndi wa chikhalidwe, koma wa ku mzikiti, kutchalitchi kapena wa ankhoswe uyenera kulembetsedwa ku Registo Civil. Mawu a ankhoswe ndi a nyakwawa amathandiza, koma ku ofesi chimalankhula ndi chikalata.

Pempho likakanidwa si ndiye kuti nkhani yatha. Agogo ali ndi ufulu wodandaula kwa akuluakulu a nthambiyo, ndipo zikavuta, kukhoti la Tribunal Administrativo, lomwe limaunika zigamulo za maofesi a boma. Madandaulo amakhala ndi nthawi yake, choncho ndi bwino kupempha kuti yankho lokanalo lilembedwe papepala ndi tsiku lake. M'kalata ya dandaulo muyenera kufotokozedwa zaka za wodandaula, zaka zomwe akhala pabanja, ana omwe adabereka, matenda ngati alipo, ndiponso yemwe aziwasamala. Kalatayo imalembedwa m'Chipwitikizi. Osauka angathandizidwe mwaulere ndi a IPAJ, bungwe la boma lopereka thandizo pa zamalamulo.

Palinso njira ina. Ndime 26 ya malamulo aakulu a dziko la Mozambique a 2004 imalola mlendo yemwe wakhala pabanja ndi nzika kwa zaka zosachepera 5 kupempha unzika, malinga akwaniritse zofunika pa lamulo.

Udindo waukulu uli kwa ana ndi adzukulu. Asadikire kuti masiku athe kapena agogo agone pamphasa ndiye ayambe kuthamanga. Aperekeze makolo awo ku ofesi miyendo ikadali yolimba, ndipo apewe adobadoba omwe amalonjeza zikalata za chidule. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.