Injini yaikulu m'pikapu yakale: yambani mwawerengera

Nyengo yogulitsa fodya, soya ndi mtedza ikafika, alimi ambiri amene ali ndi kagalimoto kakale amayamba kulota injini ina. Pikapu yatopa, ikufuka utsi, ikumwa oyilo ngati thobwa, ndipo pachitunda imachita kufuna anthu okankha. Ndiye mnzako pa golosale amati: "Achimwene, chotsanimo kameneka muikemo chachikulu cha dizilo, muzinyamula kawiri." Funso loti kodi zimenezi n'zoona ndafunsidwa kambirimbiri, choncho sabata ino tiyeni tikambirane bwinobwino za ntchitoyi, makamaka kwa inu amene mukufuna kuigwirira pakhomo ndi makanika wa m'dera lanu.

Ndiyambe ndi mawu oti "muzinyamula kawiri" aja, chifukwa ndi pamene ambiri amasokera. Injini sinyamula katundu. Ntchito yake ndi kukoka basi. Zimene zimasenza matumba anu ndi tchesisi, masipuling'i, ekiselo ya kumbuyo ndi matayala, ndipo choimitsa zonsezo ndi mabuleki. Pikapu imene inapangidwa kuti izinyamula tani imodzi, amene ndi matumba 20 a feteleza a makilogalamu 50, idzakhalabe ya matumba 20 ngakhale muikemo injini ya lole. Chimene chimasintha n'chakuti matumba omwewo idzakwera nawo phiri mosavutika. Choopsa chake chili pomwepo: injini yakale ija ikamalephera kukoka inkakuchenjezani kuti mwapachira mopyola, pamene yatsopanoyi ingokoka mwakachetechete mpaka tsiku limene sipuling'i idzathyoke kapena tayala lidzaphulike muli pakati pa ulendo wa ku Kanengo.

Nditenge chitsanzo cha Toyota Hilux, popeza ndiyo yofala m'midzi mwathu ndipo zipangizo zake sizisowa ku Ndirande ngakhale ku Biwi. Ma Hilux akale a petulo ambiri ali ndi injini za mtundu wa Y: 2Y ya malita 1.8, 3Y ya malita 2.0 ndi 4Y ya malita 2.2. A dizilo ali ndi za mtundu wa L: 2L ya malita 2.4, 3L ya malita 2.8 ndi 5L ya malita 3.0. Malita amenewa si a mafuta amene imamwa ayi, koma ndi kukula kwa malo a m'masilinda onse anayi mmene mapisitoni amayendamo.

Kusintha injini m'banja limodzi ndi ntchito yopepuka. Mukachotsa 2Y n'kuika 4Y, kapena 2L n'kuika 3L, kawirikawiri mabawuti a giyabokosi amagwirizana, malo okhazikapo injini ndi omwewo, ndipo makanika wodziwa ntchito yake satenga masiku ambiri. Chenjezo ndi limodzi. Injini zambiri zimene zimapezeka pamsika zinachokera m'maminibasi a Hiace, ndipo izi zimasiyana ndi za Hilux pa sampu, kapaipi kokoka oyilo m'sampumo, ndi zitsulo zogwirira injini ku tchesisi. Choncho injini yakale ija musafulumire kuigulitsa kwa ogula zitsulo. Zina mwa zinthu zimenezi mudzazimasula pa iyo n'kuzimanga pa yatsopanoyo.

Ntchito yeniyeni ili pochoka ku petulo kupita ku dizilo, ndipo n'kumene alimi ambiri mitima yawo ili. Sindiwadabwa. Dizilo amakoka mwamphamvu injini ikuzungulira pang'onopang'ono, zomwe ndi zabwino m'matope ndi m'misewu ya m'minda, komanso pa katundu yemweyo amamwa malita ochepa kusiyana ndi petulo. Koma walira mvula walira matope. Injini ya dizilo imabwera ndi zofuna zake, ndipo zonse ndi ndalama.

Injini ya petulo imayatsa mafuta ndi mapulagi. Ya dizilo ilibe mapulagi otero. Imafinya mpweya kwambiri, mowirikiza pafupifupi ka 22 pamene ya petulo ndi ka 9 kapena kucheperapo, mpaka mpweyawo utatentha kokwana kuyatsa mafuta. Kuti mupukuse injini yofinya chonchi mufunika sitata yake ya dizilo, batire lalikulu ndi nthambo zonenepa. Mufunikanso kulumikiza mahita otenthetsa m'masilinda, apo ayi m'mawa wa mu June ku Dedza kapena ku Mzimba muzidzutsa ana kuti akankhe. Thanki ya mafuta iyenera kutsitsidwa n'kutsukidwa, chifukwa petulo ndi dzimbiri zimaononga pampu ya dizilo, chipangizo chodula kwambiri pa injini yonseyo. Pafunika sefa ya dizilo yokhala ndi kapampu ka pamanja komanso kotchera madzi, ndi paipi yachiwiri yobweza mafuta otsala ku thanki. Nkhani ya sefayi ndiikokomeza dala, poti tonse tikudziwa kuti kumudzi mafuta timagula a m'zigubu nthawi zina, ndipo m'chigubu simulephera madzi ndi zinyalala. Kenaka pali giyabokosi. Ya injini ya Y siingomangika pa injini ya L popanda kusintha chibale cholumikizira, fulayiwilo ndi kilatchi. Nzeru yabwino ndi kugula injini pamodzi ndi giyabokosi yake, kenaka n'kuyeza ngati pulopu shafiti ikukwana.

Tsopano mabuleki. Apa ndipempha muwerenge kawiri, ndipo muwawerengerenso amakanika anu. Kuseri kwa pedulo ya buleki, mkati mwa boneti, kuli chinthu chakuda chozungulira chonga mphika, chimene amachitcha busita. Ndicho chimachulukitsa mphamvu ya phazi lanu. Busita imagwira ntchito ndi kukoka kwa mpweya, ndipo pa injini ya petulo kukokako kumachokera pa manifodi polowera mpweya. Injini ya dizilo yamtundu wa L ilibe kukoka kotere pa manifodi. M'malo mwake ili ndi kapampu kapadera kamene kamakhala kumbuyo kwa alternator, ndipo kamafuna paipi ya oyilo yolowa ndi yotuluka. Wogulitsa akakupatsani injini yopanda alternator yake, inu n'kumangapo wamba, magetsi adzayaka ndithu, galimoto idzalira bwino, koma pedulo ya buleki idzauma ngati mwala. Pabwalo panyumba simungazindikire msanga. Mudzazindikira mukutsetsereka kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa, kapena pa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, kumbuyo kuli matumba ndi anthu atakhala pamwamba pake.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Injini ili yozimitsa, pondani buleki kasanu mpaka pedulo italimba. Musachotse phazi, lizani injini. Pedulo iyenera kutsika pang'ono yokha. Ikapanda kutero, galimotoyo isatuluke pakhomo.

Kumbukiraninso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Pikapu imene kale inkakwawa pa 40 tsopano ikutha kuthamanga 80 ndi katundu yemweyo, koma mabuleki ndi akale aja. Ine ndimati ndalama yoyamba ipite ku mashuzi ndi mapadi atsopano, mapaipi a labala a buleki ndi mafuta ake, injini ibwere pambuyo. Injini ya dizilo ndi yolemeranso kuposa ya petulo, motero kutsogolo kwa galimoto kumatsika. Mashokapu ndi zonse zogwira mawilo akutsogolo zionedwe.

China chimene chimapha injini zosinthidwa ndi kutentha. Injini yaikulu imatulutsa moto wambiri, ndipo redieta yakale ya petulo, yomwe mwina theka la timapaipi take tinatsekeka kale ndi madzi a pachitsime, singakwanitse. Injini za L sizipirira kuwira: zikatentha mopyola, hedi imang'aluka kapena gasiketi imapsa. Gulani redieta ya dizilo, ikani chotchingira chozungulira fani, ndipo musalole kuti akuchotsereni thermostat ati kuti injini izizizira. Onetsetsaninso kuti geji ya kutentha ikugwirizana ndi kachipangizo koyezera kamene kali pa injini yatsopanoyo, chifukwa geji yonama ndi yoipa kuposa kusakhala nayo.

Pogula injini, musakopeke ndi penti kapena kutsukidwa bwino. Ngati n'kotheka ilizidwe muli pompo, ndipo ikhale yozizira poyamba. Injini yotopa imabisa matenda ake ikatenthetsedwa inu musanafike. Tsekulani chotsekera oyilo injini ikulira muone ngati ikupuma utsi wambiri pamenepo. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti walowa madzi. Wokhala ndi chipangizo choyezera kufinya kwa masilinda akuyezereni: pa 2L ndi 3L buku la Toyota limati silinda yabwino ifike 32 kg/cm², isatsike pa 20, ndipo masilinda asasiyane kuposa 5. Mukagula, sinthani lamba wa taiming'i injini isanalowe m'galimoto, ngakhale wogulitsa alumbire kuti ndi watsopano. Lambayu amasinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo akaduka injini ikuyenda mapisitoni amagunda mavavu. Pansi, injini ili poyera, ndi ntchito ya maola ochepa.

Za kukweza ndi kutsitsa injini pakhomo, tisanamizane, ambiri timadalira nthambi ya mango ndi tcheni. Injini ya dizilo imalemera ngati matumba anayi a feteleza kapena kuposerapo. Nthambi ya mango imathyoka mosachenjeza. Imikani mapaipi achitsulo atatu olimba kapena mitengo yabulugamu yonenepa yomangidwa bwino pamwamba, bwerekani tcheni buloko, ndipo pasakhale munthu woika mutu kapena dzanja pansi pa injini yolendewera. Galimoto ikhale pa zipika zamtengo zolimba, osati pa jeke yokha kapena njerwa zowotcha, zomwe zimafumbutuka. Batire lichotsedwe ntchito isanayambe, ndipo owotcherera asayandikire thanki imene munali petulo, ngakhale ioneke youma. Ana akaonerere ali patali.

Ndiye pali mapepala, amene alimi ambiri amawakumbukira atafika kale pa rodibuloko. Injini iliyonse ili ndi nambala yake yodindidwa pa buloko, ndipo nambala ya injini yanu yakale ndi imene inalembedwa m'mapepala a galimoto, aja timawatchabe bulu buku. Mukasintha injini muyenera kukadziwitsa a Road Traffic kuti alembe nambala yatsopano, kukula kwa injini ndi mtundu wa mafuta. Pachifukwa ichi musagule injini yopanda lisiti yolembedwa nambala yake, ndipo ngati inachokera kunja funsani mapepala osonyeza kuti inalowa m'dziko muno mwalamulo. Injini yofufutidwa nambala isiyeni ngakhale itchipe bwanji, chifukwa ikapezeka kuti ndi yobedwa, woyamba kufunsidwa ndi inu amene muli nayo. A inshuwalansi nawonso auzidwe. Pakachitika ngozi iwo n'kupeza kuti galimoto si imene analemba, angathe kukana kulipira.

Musanapereke ndalama iliyonse, khalani pansi ndi makanika wanu mulembe mitengo iwiri. Mbali imodzi: injini, giyabokosi, redieta, batire, sitata, sefa, ekizozi, mabuleki, mapepala ndi malipiro ake. Mbali inayo: kukonzanso injini imene muli nayo, kuiboola, mapisitoni, maring'i ndi mabering'i atsopano. Kwa mlimi amene amayenda maulendo aatali sabata ndi sabata, kutuma tomato kapena mbatata ku tauni, dizilo angabweze ndalama zake. Kwa amene galimoto yake imagwira ntchito miyezi itatu yokolola kenaka n'kumangopita kutchalitchi ndi kuchigayo, ine ndimalangiza kukonza yomweyo, kapena kukwera sitepe imodzi m'banja lomwelo monga kuchoka pa 2Y kupita pa 4Y. Ndipo ngati tchesisi inadyeka ndi dzimbiri kapena inawotchereredwapo kale pakati, musaikemo injini yolemera n'komwe.

Amene mwasintha kale, sabata ziwiri zoyambirira yendani maulendo aafupi opanda katundu wambiri. M'mawa uliwonse suzumirani pansi ngati padontha oyilo, madzi kapena dizilo, ndipo sabata ikatha makanika abwere adzalimbitsenso mabawuti a injini, a giyabokosi ndi a pulopu shafiti musanapachire matumba oyamba.