Si onse okhala paokha amene ali odzikuza

M'mahostelo mwathu simusowa wophunzira amene timamunena kuti ndi wosachezeka. Amadya yekha, pa Sabata amakhala benchi yakumbuyo, ndipo pulogalamu ya AY ikangotha saonekanso. Ena amati ndi matama, ena amati ndi wauzimu kwambiri. Koma kawirikawiri nkhani yake inayambira kunyumba, iye asanadziwe n'komwe kulankhula.

Katswiri wa za maganizo Mary Ainsworth anayamba kuphunzira za ana ndi amayi awo m'midzi yozungulira Kampala ku Uganda mu 1954. Pambuyo pake, ali ku Baltimore ku America, anayesa ana a chaka chimodzi motere: mayi amatuluka m'chipinda kwa mphindi zochepa kenako n'kubwerera. Ana ambiri ankalira, mayi akabwera n'kuwathamangira. Koma ena ankangopitiriza kuseweretsa zidole ngati palibe chachitika. Ainsworth anapeza kuti kunyumba, ana otere ankakankhidwa kawirikawiri akafuna kunyamulidwa. Mu 1977, Alan Sroufe ndi Everett Waters atayeza kugunda kwa mtima wa ana ooneka osatekesekawa, anapeza kuti unkathamanga ndithu. Mwanayo ankamufuna mayi ake, anangophunzira kusaonetsa.

Ndi mmene zimakhaliranso m'nyumba imene bambo akaledzera aliyense amayenda monyang'ama, kapena imene makolo amatha mlungu osalankhulana n'kumatuma mwana kuti "kawauze amayi ako". Mwana woleredwa uku ndi uku, lero kwa azakhali mawa kwa agogo, naye amazindikira msanga kuti kuzolowerana ndi munthu n'kudziputira misozi. Kukhala chete kumamuteteza, ndipo pa nthawiyo n'kwanzeru. Vuto ndi lakuti amakula nako, n'kufika nako kumalo kumene kulibenso choopsa.

N'chifukwa chake munthu wotere sathawa alendo kwenikweni. Akhoza kutsogolera nyimbo kapena kuphunzitsa Sukulu ya Sabata bwinobwino. Amathawa ubwenzi ukayamba kuzama: mnzake akafunsa za kwawo amasintha nkhani, chibwenzi chikafika pokamba za ukwati amasiya kuyankha foni. Wosiyidwayo amadzifunsa chimene walakwa, chonsecho chimene chamuopsa mnzakeyo ndi kukondedwako.

Ife a mumpingo tizisamala pamenepa, chifukwa kuthawa anthu kumatha kuvala malaya a kupembedza. N'zoona kuti Luka 5:16 imasonyeza Yesu akupita kwayekha kukapemphera, koma ankabwerera kwa anthu, ndipo ku Getsemane anapempha Petro, Yakobo ndi Yohane kuti akhale naye maso mtima wake uli wosweka. Chete wa Abisalomu pa 2 Samueli 13 ndi wina: mlongo wake Tamara atagwiriridwa, Davide anakwiya koma sanachitepo kanthu, ndipo Abisalomu anasunga nkhaniyo mumtima zaka ziwiri zathunthu.

Kumukokera munthu wotere kutsogolo kuti apereke umboni kumangomutsekera pakamwa. Chimene thupi lake silinazolowere ndi munthu amene amabwera pa nthawi imene analonjeza, ndipo akamva zochepa zimene wauzidwa sakazitulutsa ngati pempho la pemphero Lachitatu madzulo.