Dimba ndi Nkhokwe, Alonda a Chiŵindi Chathu

Tikapha mbuzi kapena nkhuku, palibe amene sachidziŵa chiŵindi. Nafenso anthu tili nacho, kumanja, pansi pa nthiti. Cha munthu wamkulu chimalemera ngati kilo imodzi ndi theka. Ntchito yake njaikulu: chimasefa magazi, chimapanga ndulu yothandiza kugaya mafuta, ndiponso chimafooketsa poizoni amene waloŵa m'thupi. Koma chiŵindi sichidandaula msanga. Munthu amadzazindikira maso atachita chikasu kapena mimba itatupa, nthenda itapita kale patali.

Kuno ku Maniamba, ndi m'midzi yotsikira kunyanja cha ku Metangula, adani a chiŵindi tili nawo pafupi. Pali kachasu. Pali likodzo la m'matumbo, limene mazira ake amakakhala m'chiŵindi. Pali kachirombo ka hepatitis B. Koma mdani amene ife alimi timadzisungira tokha m'nkhokwe ndiye chuku.

Chimanga kapena mtedza tikasunga zisanaume bwino zimachita chuku. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu saoneka, sanunkha, ndipo moto wophikira nsima sumutha. Akatswiri anamzindikira nkhukundembo zokwana 100,000 zitafa ku England mu 1960, chifukwa cha chakudya cha mtedza wa chuku. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere. M'dziko lathu lomwe lino, ku Inhambane, ofufuza a m'zaka za m'ma 1970 anapeza khansa ya chiŵindi yochuluka zedi, napezanso aflatoxin wambiri m'zakudya za anthu akumeneko.

Nanga ndiwo zamasamba zikuloŵapo bwanji? Tiyeni tiyese tokha. Tidule nthochi yakupsa paŵiri. Chibenthu chimodzi tichisiye choncho, chinacho tichifinyire madzi a ndimu. Pakapita kanthaŵi, choyamba chija chada, chachiŵiri chikadali choyera. Chimene chadetsa nthochi ndi mpweya, monga momwe khasu losiyidwa pamvula limachitira dzimbiri. Zofanana ndi dzimbirizi zimachitikanso m'chiŵindi pamene chikulimbana ndi moŵa kapena poizoni. Zinthu zoletsa kuwonongeka kotere akatswiri amazitcha antioxidants, ndipo vitamini C wa m'ndimu ndi chimodzi mwa izo. Thupi limapanga zake, koma zina limazipeza m'chakudya.

Zinthuzi sitikazigula ku Lichinga ayi. Zili m'bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, kholowa ndi chigwada. Zili m'matimati, magwafa, mapapaya, mango, masuku ndi malambe.

Masamba obiriŵira alinso ndi thandizo lina. Ku Qidong, m'dziko la China, anthu 180 anachita nawo kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2001. Ena mwa iwo anamwa, katatu patsiku kwa miyezi inayi, mapiritsi opangidwa kuchokera ku chinthu chimene chimabiriŵiritsa masamba. Chinthucho chimagwira aflatoxin m'matumbo asanafike kuchiŵindi. Chizindikiro cha poizoniyu mumkodzo wawo chinatsika ndi magawo 55 pa 100 alionse. Koma timvetsetsane, anzathu: amenewo anali mapiritsi oyezedwa bwino. Mbale ya nkhwani siingatsuke ufa wa chimanga chowola. Masamba amathandiza chiŵindi pa ntchito yake. Sachiza chiŵindi chimene chadwala kale.

Nchifukwa chake tikuti alonda ndi aŵiri.

Kunkhokwe: tikolole panthaŵi yake. Tiyanike chimanga, mtedza ndi makaka pathandala kapena pamphasa, osati padothi. Tisawaze madzi pamtedza pofuna kuti usweke mosavuta. Tisankhe ndi kutaya njere zowola, zofota ndi zofumbwa. Zowolazo tisaphikire moŵa, tisapatsenso nkhuku. Denga la nkhokwe lisadonthe.

Kudimba: banja lililonse likhale ndi kadimba kamasamba, kuti ndiwo zisasoŵe m'chilimwe. Amayi, tisaphike masamba mpaka kufiira. Chidulo ndi soda zimawononga vitamini C. Chigwada chokha ndicho chofunika kusinja ndi kuphika mokwanira, popeza chachiŵisi chili ndi poizoni wakewake. Mfutso tiuyanike pamthunzi podutsa mphepo. Ana tiziwapatsa chipatso tsiku ndi tsiku, paja m'mera mpoyamba.

Tichenjerenso ndi mabotolo a zitsamba amene ogulitsa amati amatsuka chiŵindi. Chochokera kumtengo sichikhala chabwino nthaŵi zonse, ndipo zitsamba zina zimapweteka chiŵindi chomwecho. Wa maso achikasu, mkodzo wakuda kapena mimba yotupa apite kuchipatala msanga. Makanda alandire katemera woteteza ku hepatitis B. Mankhwala a likodzo akabwera kusukulu, ana athu amwe.

Tikambirane m'kalasi mwathu:

1. Chimanga ndi mtedza wathu timayanika pati?
2. Chimanga chowola timachita nacho chiyani m'mudzi mwathu?
3. Ndi masamba ati amene tingabzale mwezi uno?

Tilembe m'makope: chiŵindi, chuku, dimba, nkhokwe.