Kuchoka ku Beira mpaka ku Sunderland: njira yomwe Reinildo anayenda kuti afike pamwamba

M'mwezi wa July chaka cha 2025, timu ya Sunderland ya ku England inalengeza kuti yalemba ntchito Reinildo Mandava kwa zaka ziwiri. Ligi itayamba, mnyamatayu anakhala mwana woyamba wa dziko la Mozambique kusewera mu Premier League, ligi yomwe anthu amaionera kwambiri m'nyumba zoonetsera mpira ku Tete, ku Ulónguè ndi ku Lichinga. Achinyamata ambiri akamuona pa kanema amati, "Nanenso ndidzapita." Makolo ena nawonso ayamba kufunsa kuti mwana amafika bwanji kumeneko. Mbiri ya Reinildo ikuyankha funsoli bwino, chifukwa iye anadutsa pafupifupi pa khomo lililonse lomwe wosewera wa kuno amayenera kudutsapo.

Anayamba ndi mpira wa kwathu

Reinildo anabadwira mumzinda wa Beira pa 21 January 1994. Anadziwika akusewera mu timu ya Ferroviário da Beira, yomwe inatenga chikho cha Taça de Moçambique mu 2013 ndi 2014. Kuchoka apo anakasewera ku Maputo, ndipo kumapeto kwa 2015 timu ya Benfica ya ku Portugal inamutenga. Apa n'kuti ali ndi zaka 21.

Onani kuti sanachoke ali mwana. Anayamba waonetsa luso lake mu Moçambola, pamaso pa anthu, m'masewero omwe amalembedwa m'mabuku a bungwe la mpira. Lamulo la FIFA limaletsanso kusamutsa wosewera kupita naye ku dziko lina asanakwanitse zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa, monga ngati makolo ake asamukira m'dzikolo pa zifukwa zosakhudzana ndi mpira. Choncho munthu akabwera pakhomo n'kunena kuti apita ndi mwana wanu wa zaka 15 ku Ulaya kuti akasaine ku timu yaikulu, dziwani kuti pali chomwe sichikuyenda bwino.

Chifukwa chiyani ambiri amayambira ku Portugal?

Chifukwa choyamba ndi chiyankhulo. Mnyamata wa ku Mozambique akafika ku Lisboa amamva zomwe mphunzitsi akunena, amatha kuwerenga yekha kontrato yake, ndipo kwa dokotala safuna womasulira. Chachiwiri, matimu a ku Portugal amadalira kugula osewera motchipa, kuwakonza, kenaka kuwagulitsa modula ku France, Spain kapena England. Njira imeneyi ndi yakale. Eusébio, yemwe anabadwira ku Mafalala mu 1942, anatchuka ali ku Benfica. Mexer anadutsa ku Sporting ndi ku Nacional asanapite ku Rennes ya ku France. Geny Catamo naye anachoka ku Black Bulls, ndipo watenga ligi ya Portugal ndi Sporting mu 2024 ndi 2025.

Kusaina ku timu yaikulu sikutanthauza kusewera

Apa ndiye pomwe anthu ambiri samvetsa. Reinildo anasaina ku Benfica, koma sanasewereko ngakhale kamodzi mu timu yaikulu ya Benfica pa masewero a ligi. Anaikidwa mu timu yachiwiri, Benfica B, komwenso mwayi unali wochepa kwambiri. Kenaka anabwereketsedwa ku Fafe, pambuyo pake ku Sporting da Covilhã, matimu ang'onoang'ono a mu ligi yachiwiri.

Kubwereketsa wosewera, komwe pa Chipwitikizi amati empréstimo, kumayenda chonchi: wosewerayo amakhalabe wa timu yomwe inamulemba, koma amakasewera kwina kwa miyezi ingapo kapena chaka. Matimu awiriwo amagwirizana za yemwe azilipira malipiro ake. Kwa wosewera, nthawiyi ndi mayeso. Akachita bwino, makomo amatseguka. Akalephera, kontrato ikatha amabwerera kwawo mwakachetechete, ndipo anthu otere ndi ochuluka kuposa omwe timawaona pa kanema.

Reinildo anapirira. Mu 2018 anapita ku Belenenses, n'kuyamba kusewera mu ligi yaikulu ya Portugal ali ndi zaka 24. Patangopita miyezi yochepa, mu January 2019, timu ya Lille ya ku France inamubwereka, kenaka inamugula. Ngakhale kumeneko, poyamba ankakhala kwambiri pa benchi.

Chaka chomwe chinasintha zonse

Mu nyengo ya 2020 mpaka 2021, mphunzitsi Christophe Galtier anamupatsa malo a kumbuyo chakumanzere. Lille inatenga ligi ya France ndi mapointi 83, kuposa Paris Saint-Germain ya Neymar ndi Mbappé ndi pointi imodzi yokha. M'masewero 38, Lille inagoletsedwa zigoli 23 basi, ndipo Reinildo anasankhidwa kukhala m'gulu la osewera 11 opambana a ligi yonse chaka chimenecho. Panali patapita zaka zoposa zisanu chifikireni ku Ulaya.

Kumapeto kwa January 2022, Atlético de Madrid ya mphunzitsi Diego Simeone inamugula pa mtengo womwe manyuzipepala ananena kuti ndi pafupifupi ma euro 3 miliyoni. Kwa katswiri wa ligi ya France, mtengowu unali wotsika. Chifukwa chake ndi ichi: kontrato yake ku Lille inatsala ndi miyezi yochepa kuti ithe. Wosewera kontrato yake ikatha amachoka ulere, timu yake osalandira kanthu. Ndiye Lille inaona kuti ndi bwino kulandirako kochepa kusiyana ndi kumutaya chabe. Umu ndi momwenso anachokera ku Atlético mu 2025: kontrato inatha, ndipo Sunderland sinalipire ndalama yomugulira.

Bondo limatha kuthetsa ntchito tsiku limodzi

Pa 25 February 2023, Atlético ikusewera ndi Real Madrid pa bwalo la Santiago Bernabéu, Reinildo anaduka mtsempha wa m'kati mwa bondo. Anamuchita opaleshoni ndipo anakhala miyezi yambiri osasewera. Iye anali ndi mwayi chifukwa anali ndi kontrato yolembedwa ku timu yokhala ndi madokotala ake, ndipo malipiro sanaime. Mnyamata yemwe wapita kunja ndi chitupa cha mlendo, kukayesa mwayi popanda pepala lililonse, akavulala chimodzimodzi amatsala yekha ndi ngongole ya chipatala.

Reinildo anachira n'kubwerera mu timu ya dziko lino, Mambas. Pa mpikisano wa matimu a mu Africa womwe unachitikira ku Côte d'Ivoire mu January 2024, Mozambique inali kumbuyo 2 kwa 0 posewera ndi Ghana mpaka mphindi 90 zitakwana. Geny Catamo anagoletsa penate, ndipo mu mphindi zoonjezera Reinildo anamwetsa chigoli chachiwiri ndi mutu. Masewero anatha 2 kwa 2.

Timu yakumudzi imapindulanji?

Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka ku dziko lina kupita ku lina kontrato yake isanathe, ndalama 5 pa 100 iliyonse ya mtengo wake zigawidwe kwa matimu omwe anamulera kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Palinso chipukuta misozi china chomwe timu yolera imalandira mwana akasaina kontrato yake yoyamba ya ukatswiri. Koma ndalama zimenezi zimatsata zolembedwa. Ngati mwana wasewera zaka zisanu mu timu ya pa boma koma dzina lake silinalembetsedwe ku bungwe la mpira la m'chigawo, timuyo ilibe umboni, ndipo sidzalandira ngakhale metical imodzi.

Ichi n'chifukwa chake atsogoleri a matimu ang'onoang'ono ayenera kulembetsa ana awo, ndi zaka zawo zenizeni zobadwira. Kuchepetsa zaka pa chitupa kumaoneka ngati nzeru lero, koma kukadziwika kumaononga dzina la mwana ndi la timu yomwe.

Zoyenera kufunsa musanatulutse ndalama

Anthu oimira osewera, omwe ambiri timawatchula kuti ma empresário, amayenera kukhala ndi chiphaso cha FIFA. Wina akabwera ndi lonjezo la ku Ulaya kapena ku South Africa, mufunseni chiphasocho. Funsaninso kalata yochokera ku timu yomwe akuti ikufuna mwana wanu, ndipo pitani nayo ku bungwe la mpira la m'chigawo kuti akaitsimikize. Timu yoona ikafuna wosewera, kawirikawiri ndi iyo yomwe imalipira ulendo ndi malo ogona. Musagulitse ng'ombe kapena munda chifukwa cha uthenga wa pa foni.

Njira yodalirika imayambira pafupi: mpikisano wa pa boma, wa m'chigawo, kenaka matimu ngati Chingale de Tete kapena União Desportiva do Songo, yomwe inatenga Moçambola mu 2017, 2018 ndi 2022. Ofufuza osewera amayang'ana kumeneko. Ndipo mwana asasiye sukulu, chifukwa ntchito ya mpira ndi yaifupi ngakhale kwa amene zawayendera. Reinildo anafika ku England ali ndi zaka 31, atasewera mu matimu asanu ndi limodzi a ku Ulaya, ndipo awiri mwa matimuwo anali a mu ligi yachiwiri omwe ambiri a ife sitinawaonepo pa kanema.