Viza ndi maulendo akunja: mbali ya kafukufuku imene imaiwalika

Kafukufuku wa zaumoyo wochitikira ku Blantyre amafika kutali. Katemera wa tayifodi amene anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira mu 2018 anakambidwa m'misonkhano ya akatswiri m'maiko ena asanayambe kuperekedwa m'dziko lonse la Malawi mu 2023. Ntchito yotereyi imafuna kuti anthu ayende. Ofufuza a pa yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS, amapita kunja kukafotokoza zimene apeza kapena kukaphunzira, ndipo anzawo a ku Liverpool, Michigan State ndi Johns Hopkins amabwera kudzagwira nawo ntchito pa chipatala cha Gulupu. Ulendo uliwonse umadalira pasipoti, viza, ndalama zakunja ndi makalata. Chimodzi chikachedwa, munthu amatsala, ndipo zotsatira za kafukufuku wa m'Malawi zimakafotokozedwa ndi ena.

Wopita kunja

Vuto loyamba ndi mtunda. Maofesi a akazembe ali ku Lilongwe, makilomita oposa 300 kuchokera ku Blantyre. Wofuna viza ya ku America amayenera kukaonekera yekha kwa wofunsa mafunso, ndipo wofuna ya ku Britain amayenera kukadinda zala ndi kujambulitsa nkhope. Kwa dokotala amene amaonanso odwala m'mawodi, zimenezi zimatanthauza masiku awiri kapena atatu osakhala pa ntchito, mtengo wa basi ndi malo ogona. Ndalamazi zimayenera kulembedwa m'bajeti ya kafukufuku kuyambira pachiyambi, chifukwa opereka thandizo ambiri salola kuwonjezera zinthu zimene sizinali m'pangano.

Vuto lachiwiri ndi nthawi. Malamulo a viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, amalola munthu kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti anyamuke. Yankho limayenera kutuluka m'masiku 15, koma likhoza kutenga mpaka masiku 45. Mtengo wake ndi mayuro 90 kuyambira mu Juni 2024, ndipo pamafunika inshulansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Okonza misonkhano nthawi zambiri amachedwa kulengeza amene avomerezedwa kukalankhula, choncho wodikira kalata yomuvomera asanayambe kusonkhanitsa zikalata amakhala wachedwa kale. Zimenezi zinaonekera poyera pa msonkhano waukulu wa Edzi ku Montreal mu Julayi 2022, pamene nthumwi zambiri za ku Africa zinalephera kufika chifukwa ma viza a ku Canada anachedwa kapena anakanidwa.

Malamulo amasinthanso mosayembekezereka. Kuyambira pa 20 Ogasiti 2025, boma la America linayamba kufunsa Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha viza ya alendo kuti apereke chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, chobwezedwa munthu akabwerera pa nthawi yake. Viza ya mtundu umenewu ndi imene ambiri opita ku misonkhano amagwiritsa ntchito. Kunonso kwathu, mu Febuluwale 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo makina a nthambi ya Immigration atasokonezedwa. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, matikiti a ndege ndi ma viza anakwera mtengo usiku umodzi, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki kumachedwetsa malipiro ngakhale ndalama za kwacha zilipo.

Chimene yunivesite ingachite

Kazembe amafuna kutsimikizira zinthu ziwiri: kuti ulendowo ndi woona, ndiponso kuti munthuyo adzabwerera kwawo. Apa ndi pamene kalata ya yunivesite imagwira ntchito. Kalata yabwino imatchula udindo wa munthuyo, chaka chimene anayamba ntchito, masiku enieni a ulendo, amene akulipira, ndi kuti ntchito yake ikumudikira. Masiku ndi mayina ziyenera kufanana ndi zimene zili pa kalata yomuitana, pa tikiti ndi m'pasipoti, chifukwa kusiyana kwa chilembo chimodzi m'dzina kukhoza kubweza pempho lonse.

Amene amavutika kwambiri ndi ofufuza achinyamata ndi ophunzira a digiri yachiwiri kapena yachitatu. Ambiri ali pa kontirakiti yaifupi, malipiro awo ndi ochepa, ndipo pasipoti yawo ilibe chidindo cha dziko lina. Pulofesa amene wayendapo kambiri amadziwa kale njira, pamene wachinyamata amafunika womuunikira zikalata asanakwere basi ya ku Lilongwe. Kusunga mndandanda wa masiku othera mapasipoti a ogwira ntchito kumathandizanso, popeza maiko ambiri amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe.

Njira ya ndege nayo ili ndi malamulo ake. Kuchokera ku Chileka kapena ku bwalo la Kamuzu, ulendo wa ku Ulaya umadutsa ku Johannesburg, Addis Ababa kapena Nairobi. Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la maiko okhala ndi chiopsezo cha yellow fever, ndipo South Africa imafunsa khadi la katemera kwa amene wachokera kumeneko kapena wakhala pa bwalo la ndege la kumeneko maola oposa 12. Khadilo limayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 munthu atabayitsa, ndipo kuyambira mu 2016 malamulo a bungwe la WHO amati khadilo limagwira ntchito moyo wonse.

Wobwera kuno

Mlendo nayenso amafunika kumukonzera. Mu Febuluwale 2024 boma linachotsa viza kwa nzika za maiko 79, koma lamulo lotere limatha kusintha, ndipo kulowa m'dziko ngati mlendo sikupatsa munthu ufulu wogwira ntchito. Wodzagwira ntchito amafunika Temporary Employment Permit, wodzaphunzira amafunika chilolezo cha ophunzira, ndipo zonsezi zimachokera ku Immigration. Dokotala wofuna kuona odwala amayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi, namwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo kafukufuku wokhudza anthu sayamba komiti ya COMREC kapena ya NHSRC isanavomereze. Zilolezo zimenezi zimayenda padera, chilichonse ndi nthawi yake.

Chifukwa chake mtsogoleri wa kafukufuku polemba pempho la ndalama ayenera kuwerengera maulendo monga amawerengera zipangizo za mu labu: ndani adzayenda, mwezi uti, pa viza yanji, ndiponso zikalata zidzayamba liti kusonkhanitsidwa.